MNZAKO AKAPSA NDEBVU: MBIRI YA ACINYAMATA OTHANDIZA PA NGOZI M'MAKOMBONI A LUSAKA

Aphunzitsi anzanga, ambiri mwa ana amene tikuwaphunzitsa m'masukulu a kumidzi sadzakalambira kumudzi. Ena adzakwera basi pa Chipata, pa Katete kapena pa Petauke, nadzatsikira ku Lusaka. Kumeneko sadzafikira ku Kabulonga ai, koma kwa atsibweni ao ku Kanyama, kapena kwa mlongo wao ku Chawama ndi ku George. Cifukwa cace nkoyenera kuti tidziwe mbiri ya malo amenewa, makamaka pa funso limodzi limene mabuku a mbiri salichula kawirikawiri. Kodi nyumba ikagwira moto m'komboni, kapena madzi akasefukira usiku, amene amayamba kufika ndani? Kuyambira kale yankho lace ndi limodzi: mnyamata kapena mtsikana wa pakhomo loyandikana, ndowa ili m'manja. Ndifuna kulongosola cimene cinacititsa kuti zikhale conco, ndiponso za iwo amene anayesa kuphunzitsa mwana wa ndowayo nchito yace.

Mwambo umenewu unacokera kumudzi. Makolo athu anali kudziwa kuti moto wa pa denga la udzu suyembekeza mfumu kuti iweruze. Mfuu ikamveka, munthu aliyense wamphamvu anali kuthamangirako, wina ndi mtsuko, wina ndi nthambi zaziwisi, wina kukasasula udzu pa nyumba yoyandikana kuti moto usadumphire. M'mwezi wa Ogasiti, mphepo itayamba, anyamata anali kulambula kuzungulira nkhokwe kuopa lupsa la osaka mbewa. Panalibe malipiro, ndipo panalibe amene anali kuyembekeza kuthokozedwa, pakuti akulu anati mnzako akapsa ndebvu mzimire, mawa adzazima zako. Wokhala pansi mnzace alikupsa anali kudziwika mudzi wonse, ndipo tsiku la maliro a kwao anali kuona yekha kucepa kwa anthu okumba manda.

Tsono Lusaka. Malowa anayamba ngati poima sitima m'caka ca 1905, ndipo m'caka ca 1935 Boma la Atsamunda linasamutsa likulu lace kucoka ku Livingstone kudza kuno. Amene analemba mapulani a mzindawu anaganizira miseu yotakata, mitengo ndi maofesi. Za munthu wakuda anaganiza kuti ndi mlendo wodzagwira nchito, amene adzabwerera kwao mphamvu zikatha. Kotero nyumba zimene anamangira anchito zinali zocepa ndiponso zazing'ono, monga zija zozungulira za denga la udzu za ku Kabwata, zimene zingapo zinasungidwa kufikira lero pa Kabwata Cultural Village. Lamulo la 1948 linakakamiza olemba nchito ndi oyang'anira matauni kupezera Aafirika nyumba, ndipo m'zaka zoyamba za m'ma 1950 kunamangidwa Matero ndi Chilenje watsopano. Koma anthu anali kucuruka kuposa nyumba. Otsalawo anamanga pa mafamu a Azungu, kulipira mwini malo mwezi ndi mwezi, kapena pa misasa ya makontirakita, pafupi ndi migodi ya miyala ndi ng'anjo za njerwa. George analandira dzina lace kwa George Hadjipetrou, amene anali ndi nchito youmba njerwa kumeneko. Kanyama, Kalingalinga ndi malo amene pambuyo pace anachedwa Chawama anakula m'njira yonga yomweyo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Malo amenewa, pamaso pa lamulo, kunalibe. Ndipo malo amene kulibe sapatsidwa mseu, kapena mpopi, kapena ngalande. Mzinda unali ndi gulu lace la ozimitsa moto, anthu olembedwa nchito ndi kulipidwa ndi Khonsolo, koma galimoto yao inapangidwira miseu yoongoka ya pakati pa tauni, kumene madzi amapezeka m'mipaipi. M'komboni munali tinjira tokhotakhota toyenda munthu ndi njinga, nyumba zopanda manambala, madenga a udzu ndi zidutswa za malata, nyali ya koloboyi ndi mbaula ya makala m'cipinda cimodzi cogona anthu asanu ndi awiri. Ufulu utabwera m'caka ca 1964, malamulo oletsa anthu kulowa m'tauni anatha, ndipo anthu a mu Lusaka anacoka pa 123,000 m'caka ca 1963 kufika pa 262,000 m'caka ca 1969. Ambiri mwa obwerawo analowa m'makomboni momwemo. Anabwera ndi mwambo wa mfuu ndi ndowa, ndipo unawathandiza, ngakhale kuti tsopano woyandikana naye sanalinso mbale, koma Mbemba, Mtonga kapena Mlozi amene dzina lace silinadziwike bwino.

Oyamba kupatsa mwambo umenewu maphunziro ndi yunifomu anali aphunzitsi, anthu a nchito yathu yomwe ino. Gulu la Masikauti, limene Baden-Powell analiyambitsa ku England m'zaka za 1907 ndi 1908, linafika ku Northern Rhodesia lili logawika monga dziko lomwe linali logawika: ana a Azungu anali Masikauti, pamene anyamata a Ciafirika poyamba anachedwa Pathfinders, atsikana Wayfarers. Kusankhana kumeneko kunali kocititsa manyazi, ndipo sitiyenera kukubisa pophunzitsa. Koma zimene anyamatawo anaphunzira zinali zenizeni: kumanga bala, kunyamula wobvulala pa macira a mitengo iwiri ndi malaya, kumanga mfundo yosamasuka, kuturutsa munthu mu utsi. Magulu ambiri anali pa masukulu a mishoni, ndipo wotsogolera anali mphunzitsi amene anali kucita zimenezi madzulo, ataweruka, wopanda kobiri loonjezera. Sukulu ya Jeanes ya ku Chalimbana, kum'mawa kwa Lusaka, imene inatsegulidwa m'caka ca 1939, inali kuphunzitsanso aphunzitsi ndi akazi ao za ukhondo ndi cithandizo coyamba, kuti akazifalitse m'midzi. Red Cross nayo inayamba ngati nthambi ya bungwe la ku Britain, ndipo m'caka ca 1966 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Zambia Red Cross Society. Kucokera nthawi imeneyo mphamvu ya bungweli yakhala anthu odzipereka, ambiri mwa iwo acinyamata, ndiponso timagulu ta m'masukulu.

M'zaka za Cipani cimodzi ulamuliro weniweni wa m'komboni unali m'manja mwa UNIP. Cipani cinagawa nyumba m'zigawo, cigawo ciliconse ca nyumba ngati 25, cokhala ndi wapampando wace. Pakagwa maliro, mlandu kapena ngozi, anthu anali kuthamangira kwa iyeyo, ndipo iye anali kutuma anyamata a Cipani. Anyamata amenewa anakumba ngalande ndi kukonza miseu. Koma omwewonso anali kuima pa cipata ca msika kufunsa amai khadi la Cipani. Akulu a ku Matero ndi Chawama amakumbukira zonse ziwiri. Ine ndiyesa kuti pamenepa ndi pamene anthu ambiri anayamba kukayikira mnyamata wobvala cizindikiro pa mkono, osadziwa ngati wadza kudzathandiza kapena kudzalamula.

Cinthu cimene cinathandiza kwambiri pa nkhani ya moto sicinachedwe nchito ya moto nkomwe. M'caka ca 1974 Boma linapanga lamulo lobvomereza makomboni ena kuti ndi malo oyenera kukonzedwa m'malo mogumulidwa, ndipo ndi ngongole ya World Bank nchito inayamba ku Chawama, ku George, ku Chaisa ndi ku Chipata Compound. Njira imene anatsata ndi yoyenera kuikumbukira. Akatswiri sanajambule miseu ali mu ofesi. Atsogoleri a m'komboni anayenda pansi pamodzi nao, kukambirana kuti mseu udzere pati, nyumba iti icoke ndi iti ikhale. Ndipo amene nyumba zao zinagwa mu mseu anapatsidwa malo ena pambali. Mipopi inaikidwa, umodzi pa nyumba ngati 25. Kalingalinga anakonzedwa pambuyo pace, m'zaka za m'ma 1980, ndi cithandizo ca dziko la Germany. Mtendere anali ndi mwai kuyambira paciyambi, pakuti m'caka ca 1967 malo ace anapimidwa ndi kugawidwa anthu asanamange. Aliyense amene anayesapo kuzima moto adziwa tanthauzo la zimenezi. Ndowa khumi zoyenda m'manja kucokera pa mpopi wa pafupi zimapulumutsa nyumba. Ndowa zomwezo zocokera ku citsime cakutali zimafika pa phulusa.

Kanyama sanalowe m'nchito yoyamba ija, ndipo mdani wace wamkulu si moto koma madzi. Komboni ameneyu anamangidwa pa cidikha, pamwamba pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mapanga pansi pace. Nthaka ndi yocepa, madzi a pansi ali pafupi, ndipo mvula ikagwa masiku angapo motsatana madzi amaturuka pansi ngati kasupe, osapeza kolowera. Maenje amene anthu anakumbamo miyala amasanduka maiwe obisika, m'mene ana amamira. Kumayambiriro a caka ca 1978 kunagwa cigumula cimene cimachedwa tsoka la Kanyama kufikira lero. Nyumba za zidina zinasungunuka kunsi ndi kugwa, anthu anafa, ndipo zikwi zinasowa pogona. Kunatsegulidwa thumba la ndalama zothandiza obvutikawo, koma mbiri ya kayendetsedwe kace inasiya madandaulo amene anakhala zaka zambiri. M'caka ca 2010 madzi anacitanso zomwezo kumwera kwa mzinda, ndipo mabanja a ku Misisi ndi malo oyandikana nao anakagona m'matenti pa Independence Stadium. Pa usiku wa cigumula cithandizo ca Boma cimafika kutaca. Maola a mdima ndi a iwo amene ali pomwepo, obereka nkhalamba kumsana, onyamula ana pa phewa, ofufuza njira ndi ndodo kuopa dzenje la cimbudzi.

Ndipo madzi akaphwa, pamatsala cina coopsa koposa. Pa mwala wa ming'alu wotere, za m'cimbudzi ndi madzi a m'citsime cosaya zimakomana pansi. Kolera anaoneka koyamba m'Zambia ca m'ma 1977 ndi 1978 kumpoto, koma m'caka ca 1991 anagwira anthu oposa 13,000 m'dziko lonse, ndipo makomboni a Lusaka anabvutika kwambiri. Pambuyo pa miliri imeneyo dziko la Japan linathandiza kukumba zitsime zakuya ndi kumanga matanki ndi mipopi ku George, yoyang'aniridwa ndi anthu osankhidwa m'komboni momwemo. M'zaka zomwezo kunayamba makomiti a zaumoyo a m'madera, ndipo m'caka ca 1994 Boma linakhazikitsa ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ya DMMU, pansi pa Waciwiri kwa Mtsogoleri wa dziko. Lamulo la 2010 linaonjeza kuti pakhale makomiti a ngozi kufikira m'midzi, cinthu cimene ife a kumudzi tiyenera kucidziwa, popeza m'makomiti otere mphunzitsi sasowamo. Kuyambira pamenepo nkhope ya wodzipereka inasintha. M'malo mwa mnyamata wa ndowa yekha, tinayamba kuona atsikana ndi amai acitsikana oyenda khomo ndi khomo ndi botolo la klorini, kuphunzitsa kusamba m'manja ndi kusungunula madzi a moyo.

Caka ca 2017 cinaonetsa zonsezi pamodzi. M'mamawa wa pa 4 Julayi, City Market, msika waukulu wa pa Lumumba Road umene amalonda ambiri a ku Kanyama ndi Chibolya anali kudyerapo, unapsa, ndipo malo a malonda oposa 1,000 anatheratu. Caka comweco Boma linalandira magalimoto ozimitsira moto 42 pa mtengo wa madola 42 miliyoni, ndiye kuti miliyoni imodzi galimoto iliyonse. Anthu anafunsa za mtengowo, ndipo Laura Miti ndi woimba Fumba Chama, wodziwika kuti Pilato, pamodzi ndi anzao, anamangidwa pocita cionetsero pa Nyumba ya Malamulo. Khoti linawamasula m'caka ca 2018. Za mtengo aweruze ena. Ine ndingoti galimoto, ikhale yokwera mtengo cotani, imanyamula madzi a mphindi zowerengeka, ndipo pamene anthu amanga m'mseu kufikira patsala njira ya wilibala, imaima patali. Pamenepo anthu amakwiyira ozimitsa moto kuti acedwa, nthawi zina kuwaponya miyala, kuiwala kuti kucedwako kunayamba tsiku limene mseu unatsekedwa.

Mu Okutobala wa caka comweco kolera anabukanso, kuyambira ku Chipata Compound ndi kufalikira ku Kanyama. Pofika mwezi wa Meyi 2018 anthu oposa 5,000 a mu Lusaka anali atadwala, ndipo pafupifupi 100 anamwalira. Masukulu anacedwa kutsegulidwa, asilikali anatumidwa kukasesa mzinda, malonda a m'mbali mwa miseu analetsedwa, ndipo mu Januwale 2018 anthu a ku Kanyama analamulidwa kukhala m'nyumba kuyambira 6 koloko madzulo kufikira 6 koloko m'mawa. Pa 12 Januwale kunabuka cipolowe kumeneko, cifukwa munthu wodya za tsiku lomwelo ukamletsa kugulitsa wamletsa kudya. Msilikali akhoza kutseka citsime, koma sangathe kukhala pa mphasa ndi gogo kumfotokozera m'cinenero cace cifukwa cace madzi ooneka oyera akupha adzukulu ace. Nchito imeneyo inagwera odzipereka a Red Cross ndi a makomiti a zaumoyo, ana a m'komboni momwemo amene anthu anali kuwadziwa maina.

Pano ndipatukeko pang'ono, ndinene za maiko ena, kuti tisaganize kuti kudzipereka ndi cizindikiro ca umphawi. Ku Philadelphia, Benjamin Franklin ndi anzace anayambitsa gulu la ozimitsa moto odzipereka m'caka ca 1736. Ku Chile gulu loyamba linayamba ku Valparaíso m'caka ca 1851, ndipo kufikira lero ozimitsa moto a m'matauni a dzikolo salandira malipiro. Ku Germany, dziko lolemera, ozimitsa moto odzipereka ali pafupifupi miliyoni imodzi, kuposa kutali olembedwa nchito, ndipo midzi yambiri ili ndi gulu la ana oyambira zaka ngati 10 amene amaphunzira mipaipi, makwerero ndi cithandizo coyamba. Koma taonani ici: ana amenewo saloledwa kulowa pamalo oopsa. Amaphunzira zaka zambiri asanayandikire moto weniweni. Kwathu kuno zimacitika mosiyana, mwana amayamba wakomana ndi moto, maphunziro nkubwera pambuyo, ngati abwera nkomwe. Sukulu ya ozimitsa moto ya ku Kabwe imasula anchito a makhonsolo, koma mwana wa pakhomo loyandikana, amene amafika iwo asanafike, kawirikawiri sanauzidwepo kanthu ndi munthu aliyense.

Pamenepo mtima wabwino wopanda nzeru umabvulaza. Mnyamata wacangu amathira madzi pa moto wa parafini kapena wa mafuta ophikira, moto nkuyandama pa madziwo kulowa m'cipinda cina, pamene mcenga, dothi kapena cibvundikiro zikadauzima. Amathira madzi pa waya wa magetsi asanazimitse pa bokosi. Amalowa m'nyumba ali ciriri, osadziwa kuti utsi umapha msanga kuposa malawi, ndi kuti mpweya wabwino uli pansi pafupi ndi maondo. Mnzace malaya akagwira moto amamlola kuthamanga, m'malo momgwetsa pansi ndi kumkulunga m'bulangeti. Pa bala la moto amapaka mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta, pamene cofunika ndi madzi ozizira oyera kwa mphindi 20. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mabanja amalowetsa mbaula m'nyumba ndi kutseka zitseko ndi mazenera, ndipo m'mawa sadzuka, cifukwa makala amaturutsa mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha. Wotsekula m'mimba ngati madzi a mpunga akhoza kufa tsiku lomwelo, koma lita imodzi ya madzi owiritsa, timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere, zimamsunga kufikira afike kucipatala. Nambala ya ozimitsa moto ndi 993, ndipo woimba ayenera kuchula cizindikiro codziwika, monga sukulu, chalichi kapena msika, ndi kutuma mnzace kukayembekeza galimoto pa mseu waukulu. Zonsezi zimakwana m'maphunziro atatu kapena anai a Cisanu masana. Mphunzitsi wa ku Chadiza amene aziphunzitsa wathandiza nyumba ya ku Kalingalinga imene sadzaiona.

Pali bvuto lina limene mbiri iyi imabwereza. Wodzipereka wa m'komboni kawirikawiri ndi wacinyamata amene anatsiriza sukulu koma nchito alibe. Mliri ukabuka amaitanidwa, amapatsidwa malaya a cizindikiro, majombo, nthawi zina ndi kandalama ka cakudya. Mliri ukatha amaiwalika, ndipo zimene anaphunzira zimazilala. Mliri wina ukadza, amayambanso kuphunzitsa ena atsopano. Magulu amene akhalitsa ndi aja okhala ndi pokomana nthawi zonse, pa sukulu, pa chalichi kapena pa kiliniki, ndi munthu wamkulu mmodzi wosatopa amene amasunga buku la maina. Sindinena kuti wodzipereka asanduke wa malipiro. Koma mzinda wa anthu oposa mamiliyoni awiri, monga anawerengedwa m'caka ca 2022, suyenera kutsamira pa ana a anthu osauka ngati kuti mphamvu zao ndi madzi a mumtsinje.

Mliri waukulu koposa unadza mu Okutobala 2023. Pofika pakati pa caka ca 2024 anthu oposa 20,000 anali atadwala m'dziko lonse, ndipo oposa 700 anamwalira, ambiri a iwo a mu Lusaka. National Heroes Stadium, imene inamangidwira mpira, inasanduka cipatala monga inacitira m'caka ca 2018. Cimene cinadetsa nkhawa madokotala cinali cakuti anthu ambiri anali kufera kunyumba kapena panjira, asanaone nkomwe bedi la cipatala. Cifukwa ca ici m'makomboni munakhazikitsidwa timalo tomwetsera madzi a moyo, tebulo, ndowa yobvundikira, makapu ndi odzipereka awiri kapena atatu, kuti wodwala ayambe kumwa ali pafupi ndi kwao, ndipo wofooka kwambiri atumizidwe msanga. Masukulu amene anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Mwezi womwewo usanathe, Boma linalengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika, magetsi anayamba kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo makandulo ndi mbaula zinabwereranso m'zipinda za Matero, Mtendere ndi Kanyama.